Pakamwa pobwereka: ukazembe wa a David Rubadiri

Malume anga ali ndi jekete la bulauni limene savala kutchalitchi, savalanso kumaliro. Limakhala pansi pa sutikesi, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki, ndipo limatuluka tsiku la unkhoswe basi. Chaka china, ndidakali ku sekondale, anandiitana kuti ndiwaperekeze kumudzi kwa alamu anga, kumene banja la achimwene, mwana wa amayi aakulu, linali litagwedezeka. Ntchito yanga inali kunyamula ambulera ndi kutseka pakamwa.

Njira yonse malume ankangolalata. Achimwene ndi chidakwa, ndalama za fodya anamwera zonse, mkazi uja wapirira mokwana, akanakhala mwana wawo bwenzi atakamutenga kalekale. Mumtima ndinkangoti lero kuli zinthu. Koma titafika, atatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, munthu amene anatsegula pakamwa anali wina. Anayamba ndi malonje aatali, kenako kuthokoza akuchikazi potisungira mwana wathu zaka zonsezi. Anavomera kuti pakhomopo pakufuka utsi, koma sananene kuti moto anakoleza ndani. Anapempha miyezi itatu. Mawu oti mowa sanatuluke ngakhale kamodzi, chonsecho aliyense pamphasapo, ndi nkhuku zomwe, ankadziwa chimene tinabwerera.

Pobwerera ndinalephera kudzigwira.

"Malume, si inu nomwe mumanena kuti achimwene ndi olakwa?"

"Mphwanga, pamphasa paja pakamwa sipanali panga. Anandibwereka akwathu."

"Nanga tsiku lina akakutumani mawu oti simungathe kuwanena?"

Tinayenda kamtunda ndithu osayankha. Kenako anati, "Zikafika pamenepo umavula jekete."

Nkhani imeneyi imandibwerera ndikamaganizira za a David Rubadiri. Ambiri a ife tinawadziwira m'kalasi ngati mlakatuli, mwini ndakatulo ija ya chimvula, An African Thunderstorm, imene ana a sukulu amaphunzira m'mayiko ambiri, mpaka ku Caribbean. Chimene ine sindinauzidwe nthawi imeneyo n'chakuti munthu yemweyo ndiye anali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku bungwe la United Nations, ndi kuti ntchito ya ku United Nations anaigwira kawiri, ulendo woyamba ndi wachiwiri zitatalikirana zaka 32.

Anabadwa mu 1930 ku Liuli, m'mphepete mwa nyanja yathu koma kutsidya la Tanzania. Sukulu anakaphunzira ku Uganda, poyamba ku King's College Budo kenako ku Makerere, ndipo pambuyo pake anakapitiriza ku Cambridge. Ntchito yawo inali ya uphunzitsi. Anaphunzitsapo ku Dedza, anali m'gulu la anthu amene atsamunda anawamanga mu 1959, ndipo ufulu uli pafupi anali mkulu wa koleji ya aphunzitsi ku Soche Hill. Mwina mukudabwa kuti mphunzitsi ndi ukazembe zikugwirizana pati. Kumbukirani kuti pa 6 July 1964 dziko lino linalibe anthu ozolowera ntchito imeneyi. Nkhani zonse za ubale ndi mayiko ena ankatiyankhulira ndi a ku London, ndipo m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, a ku Salisbury, Harare ya lero, nawo ankaikapo mlomo. Boma latsopano linangoyang'ana pakati pa anthu ochepa amene anafika ku yunivesite, amene akanatha kukhala patebulo limodzi ndi azungu osanjenjemera, n'kuwauza kuti konzekani.

Pa 18 August 1964, ali ndi zaka 34, a Rubadiri analowa mu White House kukapereka zikalata zawo za ukazembe kwa Pulezidenti Lyndon Johnson. Mwambo umenewu si wamasewera. Dziko lisanatumize kazembe limayamba lafunsa mwakachetechete ngati enawo angamulandire munthuyo, ndipo akakana sakakamizidwa kunena chifukwa. Akavomera, kazembeyo amanyamuka ndi kalata yochokera kwa mtsogoleri wa dziko lake, imene mutu wake ndi umodzi wokha: munthu uyu akayankhula, mumukhulupirire ngati ndayankhula ndine. A Rubadiri tsiku limenelo ananena zimene kazembe wa dziko losauka amayenera kunena, kuti Malawi akuyembekezera thandizo lochuluka kuchokera ku America pomanga dziko latsopano.

America imene anafikirayo inali ndi zake. Lamulo lothetsa tsankho m'malo odyera, m'mahotela ndi malo ena a anthu onse, la Civil Rights Act, linali litangosainidwa pa 2 July, kutatsala masiku anayi kuti ife tikweze mbendera yathu. Zaka zitatu m'mbuyomo, kazembe wa dziko la Chad, Adam Malick Sow, anamukaniza khofi pamalo ena odyera m'mbali mwa msewu wa Route 40 ku Maryland, msewu umene akazembe ankadutsa pochoka ku New York kupita ku Washington. Chifukwa chake chinali khungu basi. Ndiye taganizirani munthu wakuda amene ntchito yake inali m'mizinda iwiri yomweyo, m'mawa akugwirana chanza ndi akuluakulu a boma, madzulo n'kumaganizira pomwe angaime kuti amweko tiyi.

Koma chimene chinawathyola msana sichinachokere ku Maryland. Chinachokera ku Zomba.

Patangopita masiku 20 chiperekereni zikalata zija, pa 7 September, Kamuzu, yemwe nthawi imeneyo anali nduna yaikulu, anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, ndipo Masauko Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anachitanso chimodzimodzi. Pa zimene anakanganirana, zina zinali za m'dziko momwemuno: tiki imene boma linkafuna kuti anthu azilipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi. Koma zina zinali ndendende pa ntchito ya a Rubadiri. Kodi Malawi azigwirizana ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique? Nanga boma la tsankho la ku South Africa? Nanga China ya chikomyunizimu, imene inkalonjeza thandizo? Ndipo Chiume uja sanali nduna wamba kwa iwo. Anali nduna ya zakunja, bwana wawo weniweni, munthu amene malangizo onse a kazembe ankayenera kudzera m'manja mwake.

Pano ndiyenera kunena mwachilungamo kuti mfundo ya Kamuzu sinali yamisala. Mu July chaka chomwecho, pamsonkhano wa bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la OAU ku Cairo, anauza atsogoleri anzake poyera kuti iye sangathe kudula ubale ndi Apwitikizi. Katundu wathu ankatulukira ndi kulowera pa njanji ya ku Beira. Azibambo ambirimbiri ankadyetsa mabanja awo ndi ndalama za ku Joni ndi ku Rhodesia. Munthu wopanda khomo lakelake sayambana ndi mwini njira. Vuto linali lakuti mfundo imeneyi, imene anthu akanatha kukambirana, inasanduka muyeso woyezera amene ali wa Ngwazi ndi amene ali chigawenga.

Ndimayesa kuwaona a Rubadiri m'miyezi imeneyo, ndipo izi ndikungoganizira ine. Kunalibe WhatsApp, kunalibe wailesi ya pa intaneti. Nkhani zakumudzi zinkabwera pa telegalamu, m'manyuzipepala ofika mochedwa, ndi m'thumba la makalata a boma limene pangano la ku Vienna la 1961 limaletsa wina aliyense kulitsegula panjira. Thumba limabwera, ukutsegula, n'kupeza kuti anzako amene munkalota nawo ufulu tsopano akutchedwa oukira, ena athawira ku Tanzania, ena ku Zambia. Madzulo ake uli ndi phwando kwa kazembe wa dziko lina. Wavala suti, wagwira tambula, ndipo kazembe wa Ghana kapena wa Guinea akukufunsa chapansipansi kuti kodi kwanuko kukuchitika chiyani. Yankho lololedwa ndi limodzi: zonse zili bwino, boma likuyendetsa zinthu mwamtendere.

Pa 1 December 1964 Malawi analandiridwa ku United Nations, tsiku limodzi ndi Zambia ndi Malta, zimene zinafikitsa chiwerengero cha mayiko pa 115. Mlembi wamkulu anali U Thant wa ku Burma, ndipo wapampando wa msonkhano waukulu chaka chimenecho anali Alex Quaison-Sackey wa ku Ghana, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kukhala pampando umenewo. Pali kanthu kena koseketsa pa chaka chimenecho. Dziko la Soviet Union linali litakana kulipira gawo lake la ndalama za asilikali osungitsa mtendere, makamaka ku Congo, ndipo malamulo a bungweli amati dziko limene ngongole yake yakwana ya zaka ziwiri lilandidwe voti. America inkafuna kuti lamulolo ligwire ntchito. Poopa kuti bungwe lonse lingaphwasuke, anagwirizana zoti angopewa kuvota, nkhani zizingodutsa popanda wotsutsa. Ndiye ife tinalandira voti yathu yoyamba m'chaka chimene anthu sankavota.

Mu February 1965 Chipembere anayesa kulanda boma ndi zida kuchokera ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, koma ulendowo unathera pa doko la Liwonde. Kuchokera pamenepo nkhanza zinakula. M'chaka chomwecho a Rubadiri anasiya ntchito.

Polemba ndi mawu atatu okha, anasiya ntchito basi, koma tiyeni tiwerenge zimene munthu amataya. Nyumba imene ukukhala ndi ya boma. Galimoto ya kambendera ndi ya boma. Pasipoti imene ili m'thumba mwako ndi ya ukazembe, ndipo chilolezo chako chokhalira m'dzikomo chimatha ukangovula udindo. Wogwira ntchito wina aliyense akasiya amakwera basi kupita kumudzi kukalima. Kazembe wa nthawi ya Kamuzu akasiya chifukwa chosagwirizana ndi boma, kumudzi kunali kotseka. Timati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma iwo anatsala m'thengomo, ali ndi zaka 35.

Masiku ano tikamva mawu oti ukazembe, ambiri timaona chakudya. Boma likasintha timayembekezera mndandanda: awa aitanidwa, awa akupita, uyu anathandiza pa kampeni, uyu ndi mlamu wa uje. Kumowa timati wakuti wapita kukadya. Sindikunena kuti onse amene amatumizidwa ndi otero, alipo amene anakulira mu unduna wa zakunja ndipo ntchito amaidziwa bwino. Koma kaganizidwe kameneka katiiwalitsa kuti ntchitoyi kwenikweni ndi yotani. Theka lake ndi zinthu zosaoneka pa zithunzi: mnyamata wamangidwa alibe mapepala, mayi wamwalira kuchipatala ndipo abale akufuna chilolezo chonyamulira thupi, wophunzira wataya pasipoti mayeso ali pafupi. Theka linalo ndi pakamwa paja.

Ndipo pakamwapo pamayankhula mbali ziwiri. Ndinaiwala kunena kuti tsiku lija, titafika kwathu, malume sanavule jekete msanga. Anaitanitsa achimwene kuseri kwa nkhokwe, ndipo mawu onse amene anawabisa pamphasa anawakhuthulira pamenepo, osasiya ndi limodzi lomwe. Kwa eni mudzi nkhoswa imanena zokoma, kwa oituma imanena zoona. Kazembe nayenso amalemba malipoti achinsinsi opita kwawo, onena mosapsatira mmene akulionera dziko limene akukhalamo. Tinaziona tokha mu April 2011, pamene lipoti la kazembe wa Britain kuno, Fergus Cochrane-Dyet, linatulukira poyera. M'menemo ananena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika ayamba ulamuliro wankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Boma linamupitikitsa, a ku London nawo anabweza kazembe wathu, ndipo pofika July anaimitsa thandizo la ndalama zoyendetsera boma. Munthuyo sanalakwitse ntchito. Chinalakwika n'chakuti mawu a kuseri kwa nkhokwe anamveka pamphasa.

Tsoka la a Rubadiri linali lozama kuposa pamenepo, chifukwa kwa iwo mbali yachiwiriyo ndi imene inatsekeka. Kazembe amatha kupirira kunena poyera mfundo imene sakugwirizana nayo, bola akudziwa kuti kumudzi kuli khutu lomva akanena kuti apa tikulakwitsa. Khutu limenelo likasanduka msampha, amatsala ndi pakamwa pamodzi pokha, pobwereka paja.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati onse amene anakhalabe pantchito anali ogulitsa. Pali munthu wina amene ndimamuganizira kawirikawiri, Joe Kachingwe. Malawi atakhazikitsa ubale ndi South Africa mu 1967, nduna yaikulu ya dzikolo John Vorster atabwera kuno mu 1970, a Kachingwe ndiwo anakakhala kazembe wathu ku Pretoria mu 1971, kazembe wakuda woyamba m'dziko limene munthu wakuda sankaloledwa kukhala pabenchi limodzi ndi mzungu. Mayiko ambiri a mu Africa ankationa ngati opereka abale. Ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zinachokera komweko, ndipo zimenezo sitingazifufute. Komabe ku migodi kunali Amalawi zikwizikwi opita kudzera ku Wenela, anthu oti akavulala, akamangidwa kapena akamwalira pankafunika wina wowayankhulira. Mu April 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Pa tsiku ngati limenelo mabanja safunsa ngati kazembe wawo ali ndi manja oyera, amafunsa ngati alipo. Ine ndikanakhala m'nthawi imeneyo ndikufuna kukhulupirira kuti ndikanachita ngati a Rubadiri. Koma ndili ndi ana, ndili ndi lendi, ndipo ndimadzidziwa.

Zaka za kunja zinali zambiri, ndipo ndingozidutsa mwachangu. Anabwerera ku choko. Kuyambira 1968 ankaphunzitsa ku Makerere, kumene anali ngati kwawo kwachiwiri. Kenako mu 1971 Idi Amin analanda boma, chaka chotsatira mkulu wa yunivesiteyo, Frank Kalimuzo, anatengedwa ndi asilikali osaonekanso, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 a Rubadiri anathawanso kachiwiri. Anakaphunzitsa ku Nairobi, kanthawi kochepa ku Ibadan m'dziko la Nigeria, kenako ku yunivesite ya Botswana kuyambira 1984. Aphunzitsi ndi alembi ambiri a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa anadutsa m'manja mwawo, ndipo n'kutheka kuti dzina la Malawi analimva koyamba mwaulemu kuchokera kwa munthu amene Malawi sankamufuna.

M'zaka zimenezo anzawo a 1964 ankatha mmodzimmodzi. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida cha ku Mwanza. Chipembere anamwalira ku America mu 1975. Orton Chirwa anagwidwa mu 1981 pamodzi ndi akazi awo a Vera, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, kutatsala miyezi yochepa kuti tivote pa riferendamu.

Ndiye mu 1997, boma la a Bakili Muluzi linawatumanso ku New York, kuofesi yomwe ija. Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima kwambiri. Kunja kwa likulu la United Nations mbendera zimaikidwa motsatira zilembo za mayina a mayiko m'Chingerezi, choncho yathu imakhala pakati pa ya Madagascar ndi ya Malaysia. Mbendera inali yomweyo ya dzuwa lotuluka, koma zina zonse zinali zitasintha. Mayiko anali 185. Soviet Union, imene inaimitsa mavoti chaka chija, kunalibenso. Ku South Africa pulezidenti anali Nelson Mandela. Mozambique inali itadzilamulira zaka zoposa 20. Mlembi wamkulu anali Kofi Annan, mwana wa ku Ghana. Mafunso amene anagawanitsa nduna ku Zomba nthawi inali itawayankha yokha, kupatula la China lija: tinali tidakali pa ubale ndi Taiwan, ndipo tinatembenukira ku boma la China ku Beijing kumapeto kwa 2007. Mnyamata wa zaka 34 uja anabwerera ali ndi imvi, wa zaka pafupifupi 67, kudzapemphanso zimene anapempha kwa Johnson, thandizo lomangira dziko.

Anakhalako mpaka 2000, pamene anaitanidwa kudzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi. Anamwalira ku Mzuzu pa 15 September 2018, ali ndi zaka 88. Mukaphatikiza zaka zonse zimene anakhala kazembe, ulendo woyamba ndi wachiwiri, sizifika ngakhale zisanu. Alipo anthu amene anakhala pa ukazembe zaka 20 koma lero palibe amawatchula.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona malume. Akalamba, maso achita ng'ala, ndipo za unkhoswe anasiyira achinyamata. Tinakhala pakhonde tikukazinga chimanga, ine n'kuwafotokozera nkhani yonseyi, kuyambira ku White House mpaka ku Gaborone. Anamvetsera osandidula, chinthu chosazolowereka kwa iwo.

"Zaka 32?" anafunsa pomaliza. "Ndiye pobwererapo anakapeza anthu omwe aja pamphasa?"

"Ayi malume. Ambiri anali atamwalira, ena mayiko awo omwe anali atasintha mayina."

Anatola njere ya chimanga imene inagwera pa mwendo wawo n'kuiponya kwa nkhuku.

"Ndiye kuti anayambiranso malonje."